Ndi Mpiri, osati Mphiri: mafunso ndi mayankho pa katchulidwe ka mayina a malo ku Machinga ndi ku Balaka

Munthu akachoka ku Zomba, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kukafika ku Balaka, amamva dzina limodzi la malo likutuluka mosiyanasiyana m'kamwa mwa anthu. Kondakitala wa minibasi ali ndi katchulidwe kake, muulutsi wa pa wailesi ali ndi kake, mlendo wodzaona njovu ku Liwonde National Park alinso ndi kake. Ena amati palibe kanthu bola tamvana. Koma dzina la malo lili ndi eni ake, ndipo likapotozedwa iwo amamva msanga. Nawa mafunso amene amabuka kawirikawiri pa nkhaniyi, pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi katchulidwe kolondola ka dzina la malo timakadziwa bwanji?

Timakamva kwa anthu obadwira pamalopo. Chikwangwani cha pamsewu, mapu ndi makalata a boma zinabwera mochedwa. Dzina linali kale m'kamwa mwa anthu malembo asanafike. Ku Machinga ndi ku Balaka mfundoyi ndi yofunika kwambiri chifukwa mayina ambiri a kumeneko ndi a Chiyawo, ndipo ochuluka ndi a mafumu: Liwonde, Kawinga, Nyambi, Chikweo, Ngokwe, Kalembo, Amidu, Nsamala. Dzina loti Machinga ndi la gulu la Ayawo otchedwa Amachinga, amene analowa m'derali m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique. Bomali kale linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka inali mbali yake mpaka mu 1998 pamene inakhala boma palokha. M'maboma awiriwa mulinso Alomwe, Anyanja ndi Angoni, aliyense ndi mayina ake. Choncho potchula Kawinga kapena Kalembo mukutchula dera, komanso mukutchula mpando wa ufumu umene uli ndi mwini wake mpaka lero.

N'chifukwa chiyani olankhula Chingerezi amavutika ndi mayina osavuta ngati Liwonde ndi Balaka?

Chimawasokoneza ndi malembo a liwu. M'Chingerezi lembo limodzi, monga a, limatchulidwa m'njira zingapo malinga ndi mawu amene lilimo, ndipo e wa kumapeto nthawi zambiri satchulidwa n'komwe. M'Chichewa ndi m'Chiyawo malembo a liwu alipo asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka momwe lalembedwera. Mlendo akagwira malamulo atatu okha, zambiri zimalongosoka.

Loyamba ndi lakuti lembo lililonse la liwu limveke. E wa kumapeto kwa Liwonde, Ulongwe, Utale, Malombe ndi Ngokwe asamezedwe. Malembo a liwu awiri akatsatana, onse atuluke: Chi-u-ta, Chi-kwe-o, Mvu-u.

Lachiwiri ndi lakuti phatikizo kawirikawiri limathera pa lembo la liwu. Ndi Li-wo-nde, osati Li-won-de. Ndi Ma-lo-mbe, Ka-le-mbo, Ma-chi-nga. N kapena m wa pakati amapita limodzi ndi phatikizo lotsatira.

Lachitatu ndi lakuti dzina likatchulidwa palokha m'Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokedwa pang'ono: Ba-laa-ka, Li-woo-nde, Na-yuu-chi. Amene amaponya mphamvu zonse pa phatikizo loyamba, n'kuthamangitsa otsalawo, amatulutsa dzina limene amayi ogulitsa tomato pamsika sangalizindikire.

Nanga Shire? Alendo ambiri amati "Shaya".

Amatero chifukwa ku England kuli mawu olembedwa chimodzimodzi, amene amapezekanso kumapeto kwa mayina ngati Yorkshire. Mtsinje wathu ndi Shi-re, maphatikizo awiri. Olemba Chingerezi akale ankadziwa vutoli, ndipo ena ankaika kachizindikiro pamwamba pa e kuti owerenga asamumeze. Apwitikizi amalemba Chire, chifukwa kwa iwo ch amamveka ngati sh.

Nyanja ya Chilwa ili ndi mbiri yofanana. David Livingstone ataifika mu 1859 anailemba kuti Shirwa, ndipo kalembedwe kameneko kanakhalitsa pa mapu. Mayina ambiri a m'dziko muno analembedwa koyamba ndi alendo amene makutu awo anali asanazolowere zilankhulo zathu. N'chifukwa chake pambuyo pa ufulu wa 1964 ambiri anakonzedwa: Cholo inakhala Thyolo, Mlanje inakhala Mulanje, Ncheu inakhala Ntcheu, Kota Kota inakhala Nkhotakota. Ena anachotsedweratu, monga Fort Johnston imene lero ndi Mangochi. Malowo sanasinthe, chimene chinachitika n'chakuti malembo anawongoledwa kuti atsate pakamwa.

Kodi h wa mu Phalula, Chanthunya ndi Khwisa amagwira ntchito yanji?

Amasonyeza kampweya kotuluka pambuyo pa p, t kapena k. Ikani chikhatho patsogolo pa milomo n'kunena kuti "pala", kenako "phala". Pa mawu achiwiriwo mumva mpweya ukugunda dzanja. Chimodzimodzi "kola" ndi "khola". Kampweya kameneka kamasintha tanthauzo la mawu, ndiye si kokongoletsa.

Wolankhula Chingerezi amalakwa pawiri. Akaona ph amaganiza za f, n'kunena kuti Falula. Akaona th amaika lilime pakati pa mano monga amachitira m'chilankhulo chake. Zonsezi m'mayina athu mulibe: Phalula amayamba ndi p wa mpweya, ndipo Chanthunya ali ndi t wa mpweya. Kulakwa kwachiwiri n'kobisika. M'Chingerezi p, t ndi k wa kumayambiriro kwa mawu amatuluka ndi mpweya mwachibadwa, mwini wake osadziwa. Ndiye Kalembo amamveka ngati Khalembo, Toleza ngati Tholeza, Kawinga ngati Khawinga. Mlendo wofunitsitsa ayeserere kutchula k ndi t "wouma", dzanja lili pakamwa, mpaka mpweya utasiya kugunda.

Bwanji Ntaja, Nkaya ndi Mpiri alibe h? Kodi si kulakwitsa kalembedwe?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ife olankhula Chichewa tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa timatha kuwononga dzina tikuganiza kuti tikulikonza. M'Chichewa n kapena m akamangana ndi p, t kapena k m'phatikizo limodzi, kampweya kamabwera kokha: mphepo, nthawi, nkhuku, munthu. Chiyawo chimayenda njira ina. Mawu omwewo m'Chiyawo ndi mbepo, ndaŵi, nguku, mundu. Pamene Mchewa amatulutsa mpweya, Myawo amafewetsa liwu. Choncho mph, nth ndi nkh si maliwu a Chiyawo.

Nanga N wa mu Ntaja ndi wotani? Ndi phatikizo palokha, long'ung'udza m'mphuno: N-ta-ja, N-ka-ya, M-pi-ri, M-po-sa. Wolankhula Chichewa aliyense amalidziwa kale liwu limeneli, chifukwa ndi lomwe lili mu mtengo, mkaka ndi mpando. Palibe amene amati mphando. Momwemonso tisanene kuti Nthaja kapena Nkhaya. Nkaya ndi mphambano ya njanji m'boma la Balaka, pamene panayambira njanji yopita ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970. Dzina lake likupezeka m'makalata a zamalonda a mayiko angapo, ndipo ndi bwino kuti ife eni dziko tizilitchula molongosoka. Mpiri ndi dera la ku Machinga kumene kuli parishi ya Katolika. Mukaikapo kampweya mwatchula mphiri, njoka ya ululu ija, ndipo anthu a kumeneko sakondwa kumva kwawo kukutchedwa choncho.

Ena amalemba Nsamala, ena Msamala. Cholondola n'chiti?

Ndi dzina limodzi. M wa kumayambiriro kwa mawu ngati amenewa anachokera ku mu-, ndipo kumwera kwa dziko lino anthu ambiri amamutchula ngati n akakhala patsogolo pa s, t, k kapena ch. Mverani pamsika wa Balaka: mumva "nsika", "ntengo", "nkaka", pomwe m'buku mwalembedwa msika, mtengo, mkaka. Olemba ena anatsata khutu n'kulemba N, ena anatsata lamulo la m'kalasi n'kulemba M. Potchula, chofunika n'chakuti lembo loyambalo limveke ngati phatikizo, lisadumphidwe, komanso pasalowe lembo la liwu lachilendo. Mlendo amakonda kunena kuti Ensanama kapena Nisanama pofuna kutchula Nsanama. Njira yosavuta ndi kuyamba kung'ung'udza m'mphuno, kenako n'kupitiriza ndi -sanama.

Pa makalata nkhani ndi ina. Munthu wochokera kwa mfumu imene dzina lake limalembedwa pawiri aonetsetse kuti chiphaso cha unzika, satifiketi ya sukulu ndi pasipoti zalembedwa mofanana. Kalaliki wa kunja sadziwa kuti N ndi M apa akuimira liwu limodzi.

Kodi ng wa mu Machinga ndi wofanana ndi wa mu ng'ombe?

Ndi osiyana, ndipo nkhodolero ndi imene imawasiyanitsa. Pamene palibe nkhodolero, g amamveka bwinobwino: Machinga, Kawinga, Chingeni, Ulongwe, Kachenga, Chinguni. Pamene pali nkhodolero, g samveka, liwu limangodutsa m'mphuno: ng'ombe, ng'oma, ng'ona za mu Shire, Amang'anja. Wolankhula Chingerezi ali ndi maliwu onse awiri m'chilankhulo chake, loyamba mu finger, lachiwiri mu singer, kungoti amalembedwa mofanana. Mukamuuza kuti Machinga amayenda ngati finger, amamva nthawi yomweyo. Chimamuvuta ndi ng wa kumayambiriro, monga mu Ngokwe, chifukwa Chingerezi sichiyamba mawu motero. Mthandizeni ponena kuti "kwa Ngokwe" mosadukiza kangapo, kenako achotse "kwa".

Ife tili ndi udindo wina apa. Polemba pa foni ndi pa kompyuta anthu ambiri akusiya nkhodolero. Ana ozolowera kuwerenga mauthenga otero amafika posadziwa kuti ng ndi ng' ndi maliwu awiri.

L kapena r: Mbera kapena Mbela, Chilwa kapena Chirwa?

M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 anati r azilembedwa pambuyo pa e ndi i, ndipo l azilembedwa pena paliponse. Mayina ambiri amagwirizana ndi lamuloli: Balaka, Utale, Phalula, Ulongwe ndi Toleza ali ndi l, pomwe Mpiri, Mbera ndi Shire ali ndi r. Koma Chiyawo chimalembedwa ndi l yekha, ndipo n'chifukwa chake Nselema ali ndi l pambuyo pa e. Mtsinje wa Rivirivi, umene umadutsa ku Utale popita ku Shire, umayamba ndi r pa mapu ngakhale kuti mawu a Chichewa sayamba choncho. M'kamwa mwa eni dera liwuli ndi lopepuka, lilime limangogunda kamodzi kuseri kwa mano a m'mwamba. Cholakwika ndi r wolemera wa Chingerezi, wopinda lilime chambuyo, kapena r wa kummero.

Kodi tinene kuti ku Ntaja, kwa Ntaja kapena pa Ntaja?

Funsoli ndi mbali ya katchulidwe, chifukwa dzina la malo siliyenda lokha m'chiganizo. "Kwa" amasonyeza kuti dzinalo ndi la munthu: kwa Kachenga, kwa Phalula, kwa Nsanama, kwa Ntaja, kwa Amidu. "Ku" amapita ndi dera kapena chinthu cha chilengedwe: ku Balaka, ku Machinga, ku Chilwa, ku Chikala, phiri limene linali linga la Kawinga mpaka asilikali a Britain atalilanda mu 1895. "Pa" amaloza malo enieni oimapo, monga siteji kapena mphambano: pa Chingeni, pa Ulongwe, pa Liwonde. Dzina limodzi likhoza kutenga onse atatu, tanthauzo n'kumasintha. "Ku Liwonde" ndi kutauni, "pa Liwonde" ndi pamene basi iime, pomwe "kwa Liwonde" ndi m'dera la mfumu. Muulutsi amene amaika "ku" paliponse amafafaniza chikumbutso chakuti kuseri kwa dzinalo kuli munthu ndi mbumba yake.

Nanga alendo a ku Germany, ku Italy ndi ku Mozambique amalakwa mofanana ndi Angerezi?

Aliyense amawerenga malembo athu ndi malamulo a kwawo, ndiye zolakwa zimasiyana. Kwa Mjeremani w ndi v, j ndi y, z ndi ts. Akangoona chikwangwani amati Livonde, Ntaya, Tsomba. Kwa Mtaliyana ch wotsatidwa ndi i kapena e ndi k, ndiye Machinga akhoza kukhala Makinga, Chiuta n'kukhala Kiuta. Ku Balaka izi si zachilendo, chifukwa kwakhala ansembe ndi anthu ongodzipereka ochokera ku Italy kwa zaka zambiri, ndipo bishopu woyamba wa dayosizi ya Mangochi, Alessandro Assolari, anali Mtaliyana wa chipani cha Montfort. Ansembe okhalitsa anaphunzira Chichewa n'kumalalikira m'chilankhulochi, umboni wakuti lilime limaphunzitsika. Wophunzira Chipwitikizi amawerenga ch ngati sh. Mzinda wa Lichinga ku Niassa ndi boma la Machinga ali ndi tsinde limodzi la Chiyawo, koma pa wailesi za Chipwitikizi mumva Lishinga.

Ubwino wa Ajeremani, Ataliyana ndi Apwitikizi ndi wakuti malembo awo a liwu ali pafupi ndi athu. Ukawauza za malembo atatu kapena anayi okha, amatchula Liwonde bwino kuposa Mngerezi.

Ifenso tikamatchula mayina a ku Germany, monga a matimu a mpira, timalakwa pati?

Timalakwa chifukwa timawawerenga kudzera m'Chingerezi, pomwe Chichewa chikanatithandiza kwambiri. Z wa Chijeremani ndi ts wa mu tsamba ndi tsiku: Mainz ndi Maints. W ndi v: Wolfsburg amayamba ndi vo. J ndi y: Jena ndi Yena. Malembo ei amamveka ai, choncho Leipzig amayamba ndi lai ndipo Freiburg ndi frai. Koma ie ndi i wokoka, monga mu Kiel ndi Wiesbaden. St wa kumayambiriro ndi sht: Stuttgart ndi Shtutgart. V kawirikawiri amamveka f, monga mu Hannover, mzinda umene wakhala pa ubale ndi Blantyre kuyambira 1968 ndipo uli ndi msewu wotchedwa dzina lake mu Blantyre momwemo. E wa kumapeto amatchulidwa, monga timachitira ife: Halle, Karlsruhe.

Zovuta zenizeni ndi ziwiri. Timadontho tiwiri pamwamba pa u kapena o timasintha liwu: pa München nenani i milomo itazungulira ngati mukufuna kunena u, ndipo pa Köln nenani e milomo itazungulira ngati mukufuna kunena o. Chachiwiri ndi ch, amene sali ngati wa mu Machinga. Ndi mpweya wopyola pakati pa lilime ndi kumwamba kwa m'kamwa. Munich ndi Cologne ndi mayina amene Angerezi amagwiritsa ntchito. Eni ake amati München ndi Köln.

Ngati Angerezi amati Munich, ifenso timati Bulantaya, cholakwika n'chiyani kupinda dzina kuti likwane lilime lako?

Chilankhulo chilichonse chimachita zimenezi ndi mayina a kutali, ndipo palibe mlandu. Blantyre ndi dzina la ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, ndipo ife tinaliika m'maphatikizo athu. Kusiyana kuli pa kumene waima ndi amene ukulankhula naye. Mngerezi ali ku London akhoza kunena kuti Munich. Akafika pa siteshoni ya sitima ku Germany ayenera kudziwa kuti chikwangwani chalembedwa München. Chimodzimodzi wogwira ntchito za chitukuko amene watha zaka kwa Chikweo, kapena mphunzitsi wochokera ku Dowa amene watumizidwa ku Mpiri. Iwowa sali kutali, amamva dzinalo tsiku ndi tsiku. Palinso nkhani ya mphamvu. Chijeremani chili ndi mabuku, mawailesi ndi madikishonale osunga katchulidwe kake, ndiye Mmalawi akalakwitsa Leipzig, dzinalo silisintha. Mayina a Chiyawo amadalira pakamwa pa anthu. Wailesi ikabwereza katchulidwe kolakwika kwa zaka, ana a pamalopo amayamba kuganiza kuti agogo awo ndiwo amalakwa.

Munthu wofuna kutchula bwino ayambire pati?

Afunse mwini dera, makamaka wachikulire, kuti atchule dzinalo m'chiganizo, monga "ndikupita kwa Nsanama", chifukwa munthu akafunsidwa dzina palokha amatha kulitchula mokondweretsa mlendo. Amvetsere zinthu zinayi: chiwerengero cha maphatikizo, pamene pali kampweya, ngati g akumveka, ndi pamene liwu likukwera kapena kutsika. Chomalizachi malembo athu sasonyeza, koma n'chimene chimasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu, ndipo mayina a malo nawonso ali ndi kakwezedwe kawo. Abwereze pamaso pa mwini derayo ndi kulola kukonzedwa.

Mabungwe nawo ali ndi gawo lawo. Nyumba zoulutsira mawu zikhale ndi mndandanda wa mayina a mafumu ndi misika ya boma lililonse, wojambulidwa kuchokera kwa eni ake, kuti muulutsi watsopano azimvera asanalowe mu situdiyo. Makhonsolo a Machinga ndi Balaka agwirizane ndi mafumu pa kalembedwe kamodzi ka dzina lililonse asanalembetse zikwangwani. Centre for Language Studies ya ku University of Malawi ku Zomba, imene inayamba ntchito mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, inakonza kale malamulo a kalembedwe ka Chiyawo, ndipo ingathandize pa ntchito yotere. Aphunzitsi a m'maboma awiriwa angayambire m'kalasi: ana alembe mayina a midzi yawo, awagawe m'maphatikizo, akafunse kunyumba mmene akuluakulu amawatchulira ndi chiyambi chake. Mwana wodziwa chifukwa chake Ntaja alibe h sadzalola kuti munthu wina amuonjezere lembolo.